Lipoti la nkhani: wa kabaza amene ankatsuka mano m'mawa ndi madzulo koma mano akugwederabe

Wodwalayu ndi bambo wa zaka 44, mlimi wa thonje ndi mapira, amene m'chilimwe amapalasa kabaza pakati pa Ngabu ndi midzi yozungulira. Dzina ndi mudzi wawo ndasiya dala. Ine ndimagwira ntchito m'chipinda cha mano pa chipatala china kuno ku chigwa cha Shire. Nkhani yawo ndailemba chifukwa ife ogwira ntchitoyi tikaona nkhama zotuluka magazi timafulumira kunena kuti munthuyo satsuka mano. Bambowa ankatsuka, mwinanso kuposa anthu ambiri, ndipo katsukidweko kankawonjezera vuto.

Chimene anabwerera

Anafika ndi dzino lotafunira la m'munsi kumanja, limene pa kawerengedwe kathu ndi 46. Linkagwedera, nkhama ya pambali pake inali itatupa, ndipo akaidinikiza ndi lilime munkatuluka mafinya. Mawu awo oyamba anali akuti, "Adokotala, ingozulani ndibwerere pa siteji." Anali atagula kale makapisozi a amoxicillin pa golosale n'kumwa mwapatalipatali, ululu ukachepa n'kusiya.

Nditafunsitsa, zinapezeka kuti magazi m'kamwa anayamba zaka zingapo m'mbuyomo. Ankaoneka akamatsuka, akamadya nzimbe, nthawi zina pa pilo m'mawa. Kwawo anawauza kuti ndi chiseyeye ndipo chimatha ndi mandimu. Mayi akunyumba ndiwo ankadandaula za fungo la m'kamwa. Mano awiri akumbuyo anazulidwa kale pa zifukwa zofanana ndi zimenezi: kugwedera, osati kubooka. Fodya sasuta. Mowa amamwa mwa apo ndi apo. Kabuku kawo ka kuchipatala munali malungo ndi chilonda cha pa mwendo chimene chinachedwa kupola, basi.

Za kadyedwe: nsima ya mapira kapena ya chimanga, mlamba wouma, nyama ya mbuzi ya pa chiwaya tsiku la msika. Pa ntchito amamwa Frozy kapena Sobo kangapo pa tsiku ndipo nzimbe sizisowa pa keliyala ya njinga. Nditafunsa za ludzu anaseka. Anati kuno ndani alibe ludzu? N'zoonadi, mwezi wa October ndi November kutentha kwa kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wopalasa njinga ndi katundu amamwa madzi tsiku lonse. Koma iwo ankadzukanso usiku kangapo kukataya madzi, ndipo lamba anali ataboola bowo lina chifukwa cha kuonda. Zizindikiro za matenda a shuga kuno zimabisala mosavuta, chifukwa aliyense amangoti ndi dzuwa.

Zimene ndinapeza m'kamwa

Mano analipo 30. Kunja kwa mano akutsogolo a m'mwamba kunali kosalala, kopanda litsiro ngakhale pang'ono, ndipo munthu wongowaona akumwetulira sakanaganiza kuti muli vuto. Pa mano omwewo panali mawanga a bulauni ndi mizere yoyera. Amenewa ndi mawanga a fluoride, mchere wina wachilengedwe wa m'nthaka, akachuluka m'madzi akumwa pa ubwana, amene timawaona mwa anthu okulira m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje kumene madzi a pansi ali ndi fluoride wopitirira mlingo wa 1.5 mg pa lita umene bungwe la WHO limalimbikitsa. Mawangawa amapangika dzino likadali m'kati mwa nkhama, mwana asanapitirire zaka pafupifupi 8, ndipo ali m'thupi mwenimweni mwa dzinolo. Sachoka ndi mswachi. Bambowa sankadziwa zimenezi. Kuyambira unyamata wawo ankawakhula ndi makala osinja, nthawi zina ndi phulusa, pofuna kuti ayere.

Zotsatira za kukhulako zinali poyera. M'khosi mwa mano a m'mbali, pamene dzino limakumana ndi nkhama, munali mipata yokumbika, yozama kwambiri kumanzere, monga zimakhalira ndi munthu wogwira mswachi ndi dzanja lamanja. Nkhama inali itatsika ndipo mizu inkaonekera. Madzi ozizira akakhudza pamenepo ankamva kuwawa kobaya.

Kumbuyo kwa mano akutsogolo a m'munsi, mbali ya lilime, kunali kwina. Litsiro louma lolimba linali litamanga mpaka kulumikiza mano anayi pamodzi. Malo amenewa ali pafupi ndi potulukira malovu a pansi pa lilime, choncho litsiro lofewa likasiyidwa limauma msanga. Pakati pa mano otafunira munali litsiro lofewa, ulusi wa nyama ndi wa nzimbe, ndipo nkhama ya m'mipatamo inali yofiira, yotupa, ina yoboola pakati.

Ndi kachitsulo koyezera kokhala ndi mizere ya mamilimita ndinayeza kuzama kwa mpata wa pakati pa dzino ndi nkhama. Kwa munthu wabwinobwino umakhala mamilimita 1 mpaka 3 ndipo sutuluka magazi. Kwa iwo, kunja kwa mano akutsogolo kunali 2. Pakati pa mano otafunira munali 5 ndi 6 pafupifupi paliponse, magazi akutuluka ndikangokhudza. Pa dzino 46 kachitsulo kanalowa mamilimita 9, mafinya n'kutuluka, ndipo dzinolo linkasuntha cham'mbali komanso kulowa pansi ndikalidinikiza. Dzino lenilenilo linalibe bowo. Pa dzino 26, lotafunira la m'mwamba kumanzere, panali 7 ndipo kachitsulo kankalowa pakati pa mizu. Mano awiri akutsogolo a m'munsi ankagwedera pang'ono. Kuola ndinakupeza malo amodzi okha, pa muzu woonekera pakati pa mano awiri. Tsaya silinatupe, thupi silinatenthe, pakamwa ankayasamula bwinobwino.

Shuga wa pa chala tsiku lomwelo anali 16.8 mmol/L. M'mawa mwake asanadye, ku kiliniki ya shuga ndi BP, anapezeka 10.2. Mlingo wa 7.0 kapena kuposa munthu asanadye, kapena 11.1 nthawi ina iliyonse pamodzi ndi zizindikiro, umasonyeza matenda a shuga. BP inali bwino. HIV anayezedwa ndipo alibe.

Ndinalemba kuti ndi periodontitis, matenda a nkhama ndi fupa logwira mano, yofika patali m'kamwa monse, chotupa cha mafinya pa 46, kuperepeseka kwa makosi a mano chifukwa cha kukhula, mawanga a fluoride, ndi matenda a shuga ongopezeka kumene.

Zimene tinachita

Tsiku loyamba sindinazule. Ndinabaya jakisoni wa dzanzi, n'kutulutsa mafinya kudzera mu mpata wa nkhama womwewo, n'kutsukamo ndi madzi a mchere a kuchipatala, n'kuwapatsa paracetamol. Mankhwala opha mabakiteriya sindinawonjezere, poti mafinya anali atatuluka ndipo panalibe chosonyeza kuti matenda akufalikira. Anzanga ena akanapereka poona shuga wokwera chonchi, ndipo sindingawatsutse kwambiri. Ine ndinasankha kuwaona pafupipafupi ndi kuwauza kuti tsaya likatupa, thupi likatentha kapena kumeza kukavuta, abwere nthawi yomweyo ngakhale usiku. Sanasangalale kubwerera ndi dzino lawo. A kiliniki ya shuga atawayambitsa mankhwala a shuga otchedwa metformin, tinazula 46 sabata yomweyo, m'mawa atadya, ndipo bala linapola popanda vuto.

Anafunsa kuti dzino lopanda bowo lingafe bwanji. Ndinawakumbutsa mitengo ya m'mphepete mwa Shire: mtengo uli ndi masamba ake obiriwira, koma madzi akudya gombe pansi pake, ndipo tsiku lina umagwa wathunthu. Dzino limagwidwa ndi fupa la nsagwada. Litsiro lofewa lomata m'mphepete mwa nkhama n'lodzaza ndi mabakiteriya, thupi limalimbana nawo, ndipo pa kulimbanako fupa limasungunuka pang'onopang'ono popanda ululu. Shuga wokwera amafulumizitsa zimenezi, ndipo nkhama zodwala nazo zimachititsa kuti shuga avute kutsika.

Kupala mano tinachita mbali ndi mbali pa masiku osiyana, ndi dzanzi, pamwamba ndi pansi pa nkhama. Muzu woola uja tinaumata. Ndinawapatsa chlorhexidine wochukuchira m'kamwa wa masabata awiri okha, chifukwa akapitirira amadetsa mano ndi lilime ndipo salowa m'malo mwa mswachi.

Katsukidwe

Apa ndi pamene ndinathera nthawi yambiri, chifukwa zimene ndapala ine zimabwerera m'masabata ochepa ngati kunyumba sikusintha. Ndinawapempha abwere ndi zonse zimene amagwiritsa ntchito m'kamwa. Anabweretsa mswachi wolimba, ubweya wake utayang'ana uku ndi uku, kajumbo ka makala osinja, ndi kachidutswa ka sipoko ya njinga konoledwa kumapeto. Ka sipokoko ndiko ankatokosera nyama pakati pa mano. Kakasowa ankatenga mtengo wa machesi kapena ulusi wa thumba la ufa.

Ndinawapatsa galasi n'kunena kuti, "Bambo, tsukani monga mumachitira kunyumba." Anagwira mswachi ndi chibakera, n'kuyamba kucheka cham'mbali mwamphamvu, mano atalumana. Sizinakwane theka la mphindi. Kutsogolo kunalandira pafupifupi nthawi yonseyo. Mbali ya lilime ndi ya kumwamba kwa kamwa mswachi sunafikeko. Mzere wa nkhama ankaulambalala dala, ndipo chifukwa chake anachinena okha: pamenepo pamatuluka magazi, ndiye ankaopa kukulitsa chilonda. Maganizo amenewa ndimakumana nawo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndi omveka, poti pena paliponse pa thupi chilonda sitichikhula. Koma nkhama imatuluka magazi chifukwa litsiro lagonapo. Ukapasiya, litsiro limachuluka, magazi nawo n'kuchuluka. Ukapatsuka mofatsa tsiku ndi tsiku, pakatha sabata imodzi kapena masabata awiri magazi amayamba kuchepa. Ndinawachenjezeratu kuti masiku oyamba magazi adzatuluka ndithu, asadzasiye.

Tinayamba ndi kagwiridwe. Mswachi wofewa, wa mutu waung'ono, wogwidwa ndi zala monga cholembera kuti mphamvu ichepe. Ubweya uyang'ane ku nkhama mopendeketsa, pafupifupi madigiri 45, theka pa dzino theka pa nkhama. Kenako kugwedeza pang'onopang'ono pa mano awiri kapena atatu, n'kusesera kunsonga kwa dzino, n'kusunthira patsogolo. Kuseri kwa mano akutsogolo mswachi uimirire. Ndinawauza ayambe ndi mbali ya lilime m'munsi, kumene ankakuiwala, manja asanatope ndi mtima usanathamangire pa msewu, ndipo atsate njira imodzimodzi tsiku lililonse kuti pasatsale malo. Zonse zitenge mphindi 2, kawiri pa tsiku, ndipo kutsuka kwa usiku asanagone n'kumene sayenera kudumpha, chifukwa m'tulo malovu amachepa.

Mankhwala otsukira: alionse okhala ndi fluoride wa pakati pa 1,350 ndi 1,500 ppm, zimene zimalembedwa pa chubu. Anadabwa kuti ndikuwapatsa chinthu chomwe chinawadetsa mano. Ndinawafotokozera kuti kwa munthu wamkulu mano anakhwima kale ndipo sangachitenso mawanga, pamene mizu yoonekerayo ndi yofewa kuposa pamwamba pa dzino ndipo imaola msanga. Akatha kutsuka alavule thovu koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwala atsalire pa mano. Makala ndi phulusa tinagwirizana kuti asiye.

Mswachi wa mtengo sindinauletse. Nimu ali paliponse kuno, m'misewu, m'masukulu, pa mabwalo a mafumu, ndipo kanthambi katsopano kotafunidwa bwino mpaka kufewa kamachotsa litsiro ngati munthu akudekha n'kutsata dzino lililonse. Pa nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 banja lawo linakhala pa msasa, ndipo iwo anati mswachi unali chinthu chomaliza kuchiganizira. Masiku ngati amenewo, kapena ndalama zikavuta, nimu ndi wabwino kuposa kungokhala. Pamene amalephera ndi kuseri kwa mano akumbuyo, poti ndi wowongoka, komanso alibe fluoride. Ndinawaonetsa kuti akhoza kupaka mankhwala otsukira pa kamtengoko. Kunsonga azidula tsiku lililonse.

Tsopano pakati pa mano, pamene panali matenda awo enieni. Ubweya wa mswachi, kaya wa m'sitolo kaya wa nimu, sulowa m'mipata imeneyi. Malangizo a m'mabuku amati ulusi wa mano, flosi. Koma pa magolosale a m'midzi ya kuno simungaupeze. Umapezeka m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu, ndipo kwa anthu ambiri zimenezi zikutanthauza kutuma munthu wokwera mtunda kupita ku Blantyre. Kuuza wa kabaza kuti azigwiritsa ntchito flosi n'kumutsanzika osamuonetsa n'komwe, ndi kungodzichotsa mlandu.

Ndinagawa m'kamwa mwawo pawiri. Pamene mano ali othinana, makamaka akutsogolo a m'mwamba, ulusi ndiwo woyenera. Ndinadula wotalika kuchokera kunsonga ya chala kufika pa chigongono, pafupifupi masentimita 45, n'kuukulunga pa zala zapakati za manja onse, n'kusiya kachigawo kakafupi kogwidwa ndi zala zazikulu ndi zolozera. Ulusi ulowe mocheka pang'onopang'ono, osauponya mwamphamvu kuti ukamenye nkhama. Ukadutsa pothina, uukute dzino limodzi ngati chilembo C, utsike pang'ono pansi pa nkhama, ukwere ndi kutsika kangapo, kenako uukute dzino loyandikana nalo mu mpata womwewo. Anthu ambiri amangolowetsa n'kutulutsa, kachakudya kakachoka n'kuganiza kuti atha, pamene chofunika kuchoka ndi litsiro lomata m'mbali mwa dzino limene silioneka. Zala zawo ndi zokhuthala, za munthu wa khasu, ndipo poyamba zinavuta. Kumanga ulusiwo kuti ukhale mkombero kunathandiza. Ulusi wa thumba ndi wosokera zovala ndinawaletsa, chifukwa umacheka nkhama ndipo umanyenyeka n'kutsalira m'katimo.

Pakati pa mano otafunira, pamene fupa linatha ndipo mipata ndi yaikulu, flosi sathandiza kwenikweni. Mbali za mizu kumeneko zili ndi tizigwa, ndipo ulusi wokokedwa umangodutsa pamwamba pake. Chogwira ntchito bwino ndi timiswachi ting'onoting'ono tolowa pakati pa mano. Ndinali ndi tochepa, ndipo ndinawayezera kukula koyenera: kalowe mokhudza mbali zonse koma osakakamiza, kalowe ndi kutuluka kangapo, katsukidwe ndi kuumitsidwa. Kamodzi kamatha pafupifupi sabata. Poti timeneti n'tosowa kuposa flosi, tinakonzeratu chochita tikatha: kamtengo kofewa ka nimu kosemedwa mopyapyala, kosasongoka kwambiri, konyowetsedwa ndi malovu, kolowetsedwa mogonera pa nkhama n'kukhula mbali zonse ziwiri za mpata. Sikafanana ndi kamswachi, koma n'kosiyana kutali ndi sipoko, imene inkabaya nkhama ndi kukanda mizu. Kutsuka pakati pa mano kamodzi pa tsiku n'kokwanira, madzulo asanatsuke ndi mswachi.

Za zakumwa ndinasiyira kwambiri a kiliniki ya shuga. Changa ndinangowonjezera kuti mano amavutika ndi kuchuluka kwa maulendo amene shuga walowa m'kamwa, choncho botolo lomwa pang'onopang'ono m'mawa wonse limawononga kuposa lomwera pa chakudya. Pa njinga azinyamula madzi.

Zotsatira

Pa kuwaona koyamba, magazi kutsogolo anali atachepa, koma mbali ya lilime ya mano otafunira a m'munsi kumanzere kunali litsiro monga kale. Tinabwerezanso ndi galasi. Timiswachi ankatigwiritsa ntchito mokhulupirika, flosi mwa apo ndi apo.

Patatha miyezi itatu chipalire ndinayezanso m'kamwa monse. Mipata yambiri imene inali 5 ndi 6 inatsikira pa 3 ndi 4, ndipo magazi ankatuluka malo ochepa okha, onse kumbuyo. Fungo linatha, malinga ndi mayi akunyumba amene anabwera nawo. Shuga wa m'mawa m'kabuku mwawo ankazungulira pa 7 ndi 8. Sindinganene kuti gawo la nkhama pa kutsikaku ndi lotani, poti metformin ndi kusiya zakumwa zotsekemera zinayambira limodzi.

Iwo anali ndi dandaulo. Mano ankaoneka aatali, mipata inakula, ndipo chakudya chinkalowamo kuposa kale. Anafunsa ngati kupala kuja sikunawononge mano. Funso limeneli limabweza anthu ambiri kuno, chifukwa mbiri imayenda yakuti kuchipatala amagwedeza mano. Chimene chimachitika n'chakuti nkhama yotupa ndi litsiro louma zimabisa fupa limene linatha kale. Kutupa kukaphwa, zenizeni zimaonekera. Fupa lotayikalo silibwerera. Pa kuwawa ndi madzi ozizira ndinawauza azipaka mankhwala otsukira pa makosi a mano ndi chala usiku, osachukucha, ndipo makosi awiri okumbika kwambiri tinawamata.

Mayiwo anabwera ndi mwana wawo wa zaka 6, amene mano ake aakulu oyamba a kumbuyo anali atangotuluka. Makolo ambiri amawayesa mano a mkaka oti adzaguluka. Mwanayu ankagwiritsa ntchito mswachi umodzi ndi mkulu wake, ndipo tinakambirana kuti aliyense akhale ndi wake, mankhwala akhale ochepa ngati njere ya nandolo, alavule osameza, ndipo wamkulu azimuthandiza kutsuka madzulo. Poti banjali limamwa pa mjigo wa m'dera lomwelo limene bambo ake anakulira, ndinalembera alangizi a zaumoyo a kumeneko kuti afunse ngati madziwo anayezedwapo fluoride.

Ntchito yophunzitsa munthu mmodzi chonchi imadya nthawi imene pa mzere wa odikira kuzula mano siipezeka. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019 pa sukulu imene tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences, ndipo mu 2022 linakhazikitsa ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa yotsindika kupewa. M'maboma ngati athu ntchito yambiri idakali m'manja mwa ife ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo yambiri mwa iyo ndi kuzula. Pa bambowa ndinkagwiritsa ntchito mphindi zimene timadikira kuti dzanzi ligwire.

Chotsala ndi dzino 26. Mpata wake udakali mamilimita 6, magazi akutulukabe, ndipo pakati pa mizu sangathe kutsukapo okha. Ndinapalanso. Ndinawafotokozera kuti ku Queen Elizabeth Central Hospital angathe kulijambula ndi kuona ngati lingapulumuke, koma iwo anati ulendo wa ku Blantyre udikire agulitse thonje. Mano awiri akutsogolo a m'munsi akugwederabe pang'ono, osawonjezeka. Ndawalembera kuti azibwera miyezi itatu iliyonse, tsiku lomwelo la kiliniki ya shuga kuti asataye masiku awiri a ntchito, ndipo azibwera ndi mswachi wawo. Ngati 26 lidzachite mafinya kapena kuyamba kugwedera tisanafike pokajambula, tidzalizula.